Kodi moto ungagwetse nyumba yachitsulo? Za World Trade Center ndi Society House ya mu Lusaka

Papita zaka zoposa 20 chichitikireni chiwembu cha pa 11 September 2001 mumzinda wa New York, m'dziko la America, koma funso limodzi silinazilale pakati pa anthu: ngati mafuta a ndege sangathe kusungunula chitsulo, nanga nyumba ziwiri zazitali za World Trade Center zinagwa bwanji?

Mumzinda wa Lusaka funsoli limabwera ndi linzake. Mu 1997 moto unawononga Society House, nyumba yosanja ya bungwe la Zambia National Building Society imene ili pa Cairo Road. Nyumbayo inapsa koopsa, koma sinagwe. Inakhala chilili, yakuda ndi mwaye, kwa zaka zoposa khumi. Ndiye ena amafunsa kuti, ngati ya ku Lusaka inapirira, za ku America zikanalephera bwanji popanda munthu kuzitchera mabomba?

Mbali yoyamba ya funsoli ndi yoona. Moto wa m'nyumba zija sunafike pa kutentha kosungunula mizati yake. M'masiku oyambirira anthu ena ofunsidwa ndi atolankhani ananenadi kuti zitsulo zinasungunuka, ndipo kulakwitsa kumeneko ndiko kunapatsa mphekesera poyambira. Koma malipoti a kafukufuku amene anatuluka pambuyo pake sananene zimenezo. Anafotokoza kuti chitsulo chimataya mphamvu kutali kwambiri chisanayambe kusungunuka, ndipo nyumba imagwa pamene mizati yake yalephera kusenza katundu amene ali pamwamba pake.

Zimene zinachitika tsikulo

Zigawenga 19 za gulu la al-Qaeda zinalanda ndege zinayi zonyamula anthu. Ziwiri mwa izo, zonse za mtundu wa Boeing 767, zinakawomba nyumba za World Trade Center. Yoyamba inawomba nyumba ya kumpoto pakati pa nsanjika ya 93 ndi ya 99, nthawi ili 8:46 m'mawa ku New York, pamene ku Zambia inali 14:46. Yachiwiri inawomba ya kum'mwera patapita mphindi 17, pakati pa nsanjika ya 77 ndi ya 85. Ya kum'mwerayo ndiyo inayamba kugwa, itayaka kwa mphindi 56. Ya kumpoto inapirira mphindi 102. Madzulo a tsiku lomwelo nyumba yachitatu ya nsanjika 47, yodziwika kuti Building 7, inagwanso ngakhale kuti sinawombedwe ndi ndege. Anthu 2,977 anaphedwa pa ziwembu zonse za tsikulo, osawerengera zigawengazo.

Nyumba ziwiri zazikuluzo zinali ndi nsanjika 110 iliyonse, ndipo zinali zazitali mamita oposa 410. Munthu wochokera ku Woodlands polowa m'tauni kudzera mu Independence Avenue amakafikira pa Findeco House, ya nsanjika 23 ndi mamita 90. Kusanjikiza nyumba zinayi zotero, imodzi pamwamba pa inzake, sizingafikebe pa denga la imodzi mwa nyumba za ku New York zija.

Bungwe la boma la America loona za ngozi zadzidzidzi la FEMA linatulutsa lipoti loyamba mu 2002. Kafukufuku wamkulu anachitidwa ndi bungwe la National Institute of Standards and Technology, mwachidule NIST, limene linapima zidutswa 236 za zitsulo za nyumbazo, linafunsa anthu oposa 1,000, ndi kuunika zithunzi zikwi zingapo. Lipoti lake la nyumba ziwirizo linatuluka mu 2005, ndipo la Building 7 mu 2008.

Chimene moto umachita ku chitsulo

Chitsulo chomangira nyumba, chija pa Chingerezi amati steel, ndi msanganizo wa ayironi ndi kaboni wochepa kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100. Kaboni ameneyu ndi yemwe uja ali m'malasha. Tizidutswa ting'onoting'ono ta ayironi, totchedwa maatomu, timakhala tosanjika m'mizere ngati njerwa, ndipo ta kaboni timalowa m'mipata ya pakati. Timagwira ntchito ya mwala umene dalaivala amaika kunsi kwa tayala pa chitunda: timaletsa mizereyo kutsetsereka. Chitsulo chikatenthedwa maatomu amanjenjemera kwambiri, mizere imayamba kutsetsereka mosavuta, ndipo chimene chinali cholimba chimagonja pang'onopang'ono.

Ziwerengero zake n'zodziwika bwino, chifukwa mainjiniya akhala akuyesa zitsulo m'ng'anjo kwa zaka zoposa 100. Ayironi wopanda chosakaniza amasungunuka pa madigiri Celsius 1,538, ndipo chitsulo chomangira pa madigiri pafupifupi 1,500. Koma chikafika pa madigiri 600 chimakhala chitataya kale pafupifupi theka la mphamvu zake. Pa madigiri 800 chimatsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Malinga ndi NIST, mpweya wotentha wa m'zipinda zimene zinkayaka unkafika mpaka madigiri 1,000.

Wosula zitsulo aliyense amazidziwa zimenezi ndi manja ake, ngakhale alibe choyezera kutentha. Akafuna kusula khasu kapena nkhwangwa amaika chitsulo pa malasha, napemerera ndi mvukuto mpaka chitafiira, kenako n'kuchipinda ndi nyundo. Chikanakhala kuti chiyenera kusungunuka kuti chipindike, ntchito yosula sikanakhalako. Ngakhale ng'anjo za makolo, zimene mabwinja ake akupezekabe kum'mawa kwa Zambia ndi ku Malawi, sizinkasandutsa ayironi madzi. M'ng'anjomo munkatuluka chibuma chofewa cha chitsulo chosakanikirana ndi zinyalala za mwala, ndipo amisiri ankachimenya chidakali chotentha mpaka chitayera.

Pali chinthu chinanso: chitsulo chikatentha chimatalika. Mita imodzi imawonjezera pafupifupi milimita imodzi ndi kachigawo pa madigiri 100 alionse. Zikuoneka zochepa, koma mtanda wa mamita 15 ukatenthedwa ndi madigiri 500 umatalika masentimita 9, ndipo ngati mbali zake zonse zamangidwa, umakankha chimene chaugwira kapena umapindika wokha. Amene anamanga mlatho wa Victoria Falls anakumana nazo mu 1905. Pamene mbali ziwiri za mlathowo zinakumana pakati madzulo, zinapitirirana masentimita atatu chifukwa cha dzuwa la tsikulo. Usiku chitsulo chinazizira n'kufupika, ndipo m'mamawa pa 1 April mbalizo zinalowana bwinobwino.

N'chifukwa chake malamulo a zomangamanga salola kuti zitsulo za nyumba yosanja zisiyidwe pamtunda. Zimakutidwa ndi konkire, kapena zimapoperedwa zinthu zoteteza ku moto. Zotetezazo ntchito yake ndi kuchedwetsa kutentha kwa maola awiri kapena atatu, kuti anthu atuluke ndiponso ozimitsa moto agwire ntchito yawo.

Mmene nyumba ziwirizo zinagwera

Nyumba za World Trade Center zinamangidwa mosiyana ndi zambiri za nthawi yake. Kunja zinali ndi mizati yachitsulo yoyandikana kwambiri, ngati mpanda, ndipo pakati panali mizati 47 yozungulira zikepe ndi masitepe. Pakati pa mpandawo ndi mizati yapakati panalibe mzati wina. Nsanjika iliyonse inakhala pa mitanda yopepuka yachitsulo, ina yotalika mamita 18, imene inalumikiza kunja ndi pakati.

Ndege zitawomba zinadula mizati yambiri, koma nyumbazo sizinagwe nthawi yomweyo, chifukwa katundu anasamukira pa mizati yotsala. Choopsa kwambiri chinali chakuti zidutswa za ndege zinapala zoteteza ku moto zija, n'kusiya zitsulo pamtunda, komanso zinadula mapaipi a madzi ozimitsira moto.

Ndege iliyonse inali ndi malita pafupifupi 38,000 a mafuta, ofanana ndi thanki imodzi yaikulu ya zija zimayenda mu Great North Road. Mafuta a ndege ndi mtundu wa parafini. Ena anapsera kunja m'malawi aakulu amene anaoneka pa kanema, ndipo otsala anatha m'mphindi zochepa. Anagwira ntchito imene parafini amagwira pa mbaula: anayatsa. Chimene chinayaka kwa nthawi yaitali ndi matebulo, mipando, mapepala, makapeti ndi makompyuta, pa nsanjika zingapo nthawi imodzi. Moto wamba wa mu ofesi umayambira pamalo amodzi n'kumafalikira pang'onopang'ono, koma uwu unayambira paliponse.

Mitanda yonyamula nsanjika itatentha inayamba kulendewera pakati, ndipo polendewerapo inakokera mizati yakunja m'kati. Izi zinajambulidwa. Zithunzi za apolisi amene anali mu helikopita zikusonyeza khoma la kum'mwera la nyumba ya kumpoto litapindikira m'kati kuposa mita imodzi, patatsala mphindi zochepa kuti igwe. Bomba limagwira ntchito m'kuphethira kwa diso. Silipinda khoma pang'onopang'ono kwa mphindi zambiri. Mizati yopindikayo italephera, nsanjika zonse za pamwamba zinagwera pa za m'munsi, zimene zinamangidwa kuti zisenze katundu wokhala chete osati wogwa.

Dongosolo la kugwa kwake likugwirizana ndi kufotokoza kumeneku. Nyumba ya kum'mwera inawombedwa pambuyo koma inagwa poyamba, chifukwa inawombedwa m'munsi, ndege yake inali pa liwiro lalikulu, ndipo pamwamba pa bala lake panali nsanjika zambiri kuposa pa inzakeyo. Ndipo zonse ziwiri zinayambira kugwa pamalo pomwe ndege zinalowera.

Ena amaloza fumbi limene linkatuluka m'mawindo a m'munsi nyumba zikugwa, n'kunena kuti amenewo ndi mabomba. Nyumba yosanja mbali yake yaikulu ndi mpweya. Nsanjika zikamagwerana, mpweyawo umakankhidwa ngati wa mu pampu ya njinga, ndipo umatulukira paliponse pamene papezeka mpata. Zoti nyumbazo zinagwera pamalo pake mwaudongo nazonso sizoona: zidutswa zake zinaphwanya tchalitchi cha St Nicholas ndi hotela ya Marriott, ndipo zina zinakagwera Building 7, mtunda wa mamita oposa 100.

Nanga Society House?

Kusiyana kwake kuli pa zomangira. Society House, monga nyumba zambiri zosanja za mu Lusaka za zaka za m'ma 1970, mafupa ake ndi konkire yokhala ndi nsambo zachitsulo m'kati. Konkire imalola kutentha kudutsa pang'onopang'ono kwambiri, choncho masentimita ochepa okuta chitsulo amachiteteza kwa nthawi yaitali. Komanso palibe ndege imene inadula mizati yake moto usanayambe.

Chitsanzo chomveka bwino chinaoneka ku Madrid, m'dziko la Spain, mu February 2005, pamene nyumba ya Windsor Tower inayaka usiku wonse. Inamangidwa ndi zonse ziwiri, konkire pakati ndi chitsulo m'mbali. Mbali za pamwamba zimene zinali ndi chitsulo chosatetezedwa zinagwa, koma pakati pa konkire panatsala chilili. Nyumba imodzi, moto umodzi, zotsatira ziwiri. Ndipo mawu akuti palibe nyumba ina yaitali yachitsulo imene inagwapo ndi moto wokha anatha ntchito pa 19 January 2017, pamene nyumba ya Plasco ya nsanjika 17 mumzinda wa Tehran, ku Iran, inagwa yonse itayaka kwa maola ochepa, n'kupha ozimitsa moto amene anali m'kati.

Konkire nayo ili ndi malire. Ikatentha kupitirira madigiri 300 imayamba kufooka, ndipo madzi otsekeredwa m'kati mwake akasanduka nthunzi amaiphulitsa zibenthuzibenthu mpaka chitsulo chitaonekera. Nyumba imene yapsa ingaoneke yolimba kwa wodutsa mumsewu pamene m'kati mwake yavulala.

Chitsulo chosungunuka chimene anthu anaona

Patatsala mphindi zochepa kuti nyumba ya kum'mwera igwe, makamera anajambula chinthu chowala chikuyenderera kuchokera pa ngodya ya nsanjika ya 80. Okhulupirira za mabomba amati chimenecho chinali chitsulo cha mizati. Vuto lili pa liwu lakuti chitsulo, limene m'Chinyanja limatchula zinthu zambiri zosiyana. Mtovu, umene unkakumbidwa ku Kabwe, umasungunuka pa madigiri 327. Aluminiyamu amasungunuka pa 660. Mkuwa wa ku Copperbelt umafuna 1,085.

Amisiri a m'makomboni a mu Lusaka amene amaumba mapoto amasungunula aluminiyamu wa zidutswa za injini zakale pa malasha wamba, m'chitini chachitsulo. Aluminiyamuyo amasanduka madzi, chitinicho osasungunuka. Thupi la ndege ya Boeing 767 mbali yake yaikulu ndi aluminiyamu, ndipo zidutswa zambiri za ndege ija zinaunjikana pa ngodya yomweyo. NIST inati chimene chinkayendereracho chiyenera kuti chinali aluminiyamu wosakanikirana ndi zinthu zina zoyaka, monga mapulasitiki ndi makapeti.

Kunsi kwa zigumukazo moto unapitiriza kunyeka mpaka mwezi wa December 2001. Wootcha malasha sangadabwe nazo. Mulu wa nkhuni wokwiriridwa ndi dothi, umene ukulandira mpweya wochepa, umanyeka masiku ambiri ndipo kutentha sikuthawa. Mabomba satenthetsa malo kwa miyezi itatu.

Nkhani ya thermite ndi penti wofiira

Pozindikira kuti mabomba wamba akanamveka, ena anabweretsa ganizo la thermite. Uwu ndi msanganizo wa ufa wa aluminiyamu ndi dzimbiri. Aluminiyamu amakonda okosijeni kuposa mmene ayironi amamukondera, choncho msanganizowo ukayatsidwa aluminiyamu amalanda okosijeni wa m'dzimbiri, n'kusiya ayironi wosungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 2,500. Amaugwiritsa ntchito powotcherera njanji. Amene anatchukitsa ganizoli ndi Steven Jones, yemwe panthawiyo ankaphunzitsa sayansi pa yunivesite ya Brigham Young ku America. Mu 2009 iye pamodzi ndi Niels Harrit wa ku Denmark ndi anzawo ena anafalitsa pepala lonena kuti m'fumbi la nyumbazo anapezamo tizibenthu tofiira mbali imodzi, totuwa mbali inayo, tokhala ndi ayironi, okosijeni ndi aluminiyamu. Mkonzi wamkulu wa magazini imene inasindikiza pepalalo, Marie-Paule Pileni, anatula pansi udindo ponena kuti linasindikizidwa iye osadziwa.

Aliyense amene anagulapo geti kwa owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga akudziwa chinthu china chofiira chimene chimamatirira pa chitsulo chotuwa: penti woyamba uja wotchedwa red oxide, woteteza ku dzimbiri. Kufiira kwake kumachokera ku ayironi wolumikizana ndi okosijeni, chimodzimodzi ndi kufiira kwa dothi la katondo. Mapenti otere amathiridwanso dongo loyera lotchedwa kaolin, limene mwachilengedwe lili ndi aluminiyamu. Zitsulo za World Trade Center zinapakidwa penti wa mtundu umenewu. Mu 2012 katswiri wounika fumbi, James Millette, anapimanso tizibenthu totere ndipo anapeza penti wokhala ndi kaolin. Sanapeze aluminiyamu woima payekha.

Mfundo yotsirizayi ndiyo mtima wa nkhani. Aluminiyamu wa m'dongo analumikizana kale ndi okosijeni, ndiye sangalandenso wina. Ali ngati phulusa limene silingayakenso. Kupeza ayironi ndi aluminiyamu m'fumbi la nyumba si umboni wa chilichonse, pakuti zinthu ziwirizi zili m'gulu la zochuluka kwambiri m'nthaka ya dziko lapansi. Timipira ting'onoting'ono ta ayironi timene tinapezekanso m'fumbimo timapangika paliponse pamene munthu akuwotcherera kapena kudula chitsulo. Ndiponso thermite wosungunuka amayenderera pansi ngati madzi, choncho kudula naye mzati woimirira kumafuna zipangizo zazikulu zomangirira pa mzati uliwonse. Palibe chipangizo chotere chimene chinapezeka m'zigumukazo.

Lipoti la FEMA linatchulanso zidutswa zochepa za chitsulo zimene zinadyeka mpaka kupyapyala, zokhala ndi sulufule. Apa pali sayansi yosangalatsa, imene okonza mawailesi amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 ndipo tini pa 232, koma ziwirizi zikasakanizidwa kukhala waya wolumikizira mawaya a wailesi zimasungunuka pa 183, pansi pa zonse ziwiri. Ayironi akakumana ndi sulufule zimachitikanso chimodzimodzi: msanganizowo umasanduka madzi pa madigiri osafika 1,000. Ogwira ntchito m'ng'anjo za mkuwa ku Mufulira ndi ku Chingola amalimbana ndi sulufule nthawi zonse, chifukwa miyala ya mkuwa ya kumeneko ili naye wambiri. FEMA sinatchule kumene sulufuleyo anachokera, koma m'nyumbazo munali matani ambiri a mabolodi a gypsum ogawira zipinda, amene ali ndi sulufule, ndipo zitsulozo zinakhala milungu yambiri mu mulu wotentha.

Building 7

Nyumba imeneyi ndiyo imavutitsa anthu ambiri, ndipo m'pomveka, chifukwa pa kanema imaoneka ikutsika mowongoka. Zidutswa za nyumba ya kumpoto zinaiboola ndi kuyatsa moto pa nsanjika zosachepera khumi. Mapaipi a madzi a mumzinda anali ataduka, ndipo ozimitsa moto, amene anali atataya kale anzawo 343, anaona kuti nyumbayo ikhoza kugwa, nachotsa anthu onse pafupi. Moto unayaka pafupifupi maola asanu ndi awiri popanda wouzimitsa. Palibe amene anafera m'nyumbayi.

Malinga ndi NIST, kumeneku chinapha ndi kutalika kwa chitsulo kuja. Mitanda ya pa nsanjika ya 13 itatentha inakankha mtanda waukulu mpaka unachoka pa mpando wake pa mzati wa nambala 79. Nsanjika zingapo zinagwerana, mzatiwo unatsala wopanda chougwira m'mbali, ndipo unapindika. Kanema wathunthu akusonyeza kanyumba ka pa denga, cha kum'mawa, kakumira m'kati masekondi angapo khoma lakunja lisanayambe kutsika. M'kati munali mutagwa kale. Chimene anthu amaona chikutsika ndi chikhokhombe. NIST inavomereza kuti kwa masekondi 2.25 khomalo linagwa popanda choliletsa, mizati yake ya m'munsi itapindika kale. Makanema ambiri ofalitsidwa pa intaneti amadula mbali yoyambayo.

Mu 2020 gulu lotsogoleredwa ndi Leroy Hulsey pa yunivesite ya Alaska Fairbanks linatulutsa lipoti lotsutsa kuti moto ndiwo unagwetsa nyumbayi. Ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku bungwe la Architects & Engineers for 9/11 Truth, limene linakhazikitsidwa ndi cholinga cholimbikitsa ganizo la mabomba, ndipo NIST sinasinthe zimene inapeza.

Mmene kugwetsa nyumba ndi mabomba kumakhalira

Kum'mwera kwa Africa kuno kuli chitsanzo chapafupi. Mu September 2018 nyumba ya Bank of Lisbon mumzinda wa Johannesburg inapsa, ndipo ozimitsa moto atatu anamwalira. Akuluakulu ataona kuti singakonzedwenso, anaigwetsa ndi mabomba mu November 2019. Kukonzekera kwake kunatenga miyezi. Pa ntchito yotere amisiri amachotsa makoma a m'kati, amaboola mizati, amaikamo zophulika, ndi kuyala mawaya ambirimbiri m'nyumba yopanda anthu. Okhala pafupi anasamutsidwa tsikulo, ndipo kuphulikako kunamveka m'tauni monse nyumba isanayambe kutsika.

M'nyumba za World Trade Center munkagwira ntchito anthu zikwi makumi angapo tsiku lililonse. Kuti ganizo la mabomba likhale loona, ntchito yonseyo ikanayenera kuchitika popanda mlonda, wosesa kapena wokonza magetsi kuona kanthu, ndipo mawaya ndi zophulikazo zikanayenera kupulumuka ndege ndi moto wa ola lathunthu pa nsanjika zomwezo. NIST inawerengetsa kuti bomba laling'ono kwambiri lotha kudula mzati umodzi wa Building 7 likanamveka mogonthetsa m'khutu pa mtunda wa mamita 800. Makamera ambiri amene anali pafupi sanajambule phokoso lotero.

Kumene mphekeserazi zinachokera

Kukayikira boma la America sikunangoyamba popanda chifukwa. Mu 2003 dzikolo linathira nkhondo Iraq ponena kuti ili ndi zida zoopsa zopha anthu ambiri, ndipo zidazo sizinapezeke. Bungwe lofufuza limene linatulutsa lipoti mu 2004 linapezanso kuti nthambi za chitetezo zinalephera kugawana zimene zinkadziwa zokhudza zigawengazo. Anthu amene ananamizidwa pa nkhani imodzi sachedwa kukhulupirira kuti ananamizidwa pa zonse. Mu 2005 kanema wotchedwa Loose Change anafalikira pa intaneti ndi pa ma DVD, ndipo mfundo zake zambiri ndi zomwe zikuzungulirabe lero pa Facebook ndi WhatsApp. Komatu Osama bin Laden mwiniwake anali atavomera kale, mu kanema amene anaulutsidwa pa Al Jazeera mu October 2004, kuti ndiye analamula chiwembucho. Gulu lake lomwelo ndilo linaphulitsa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam pa 7 August 1998, n'kupha anthu oposa 200, ambiri mwa iwo a mu Africa.

Mu Lusaka

Sayansi yomweyi ikugwira ntchito pa nyumba zimene zikumangidwa ku Woodlands, Chalala, Kabulonga ndi Chelstone, kumene ambiri asiya matabwa n'kuyamba kukhoma denga ndi mitanda yachitsulo poopa chiswe. Chitsulo sichiyaka, koma chikakhala chopyapyala ndi chosakutidwa chimatentha msanga, ndipo denga lotere likhoza kugonja moto usanathe ngakhale theka la ola. N'chimodzimodzi ndi mashedi a m'misika ndi nyumba zosungiramo katundu, zimene zimadzaza ndi nsalu, mapulasitiki ndi makatoni. Ozimitsa moto amaphunzitsidwa kusalowa pansi pa denga lachitsulo limene layamba kulendewera.

Society House inakonzedwanso ndi ndalama za bungwe la penshoni la NAPSA. Anaiwonjezera masitolo, maofesi ndi malo oimika magalimoto, dzina lake n'kukhala Society Business Park, ndipo mu 2018 munatsegulidwa hotela ya Hilton Garden Inn. Mu 2024 NAPSA inatseka malowo ndi kutulutsa ochita lendi, mainjiniya atapeza kuti mbali zina za nyumbazo sizinali zolimba mokwanira kuti anthu apitirize kukhalamo. Panalibe moto watsopano kapena kuphulika kulikonse; chimene chinatseketsa ndi zotsatira za kupima mizati.